Galu wakodzanso pabalaza? Ikani silipasi pansi kaye, yambirani apa

Ambirife timatenga kagalu kwa neba kapena kugula kwa anyamata aja amaima nato tiagalu m'mbali mwa msewu, masiku awiri oyamba aliyense akukanyamula, ana akukanganirana dzina, kenako tsiku lachitatu munthu wadzuka waponda zonyowa pakhomo la kuchipinda, basi silipasi yayamba ntchito. Ena mpaka kukagwira pakhosi n'kukakhutiza mphuno pa mkodzopo ati kuti kadziwe.

Sikadziwa ayi. Galu amalumikiza chimene wachita ndi chimene chamuchitikira ngati zatsatizana pompopompo, masekondi awiri atatu basi. Mukabwera kuchokera kuntchito 5 koloko n'kumumenyera mkodzo wa 11 koloko mmawa, iye akungoona kuti bwana akalowa pakhomo pamakhala mavuto. Nkhope yomvetsa chisoni ija, makutu pansi mchira pakati pa miyendo, imene timati "mwaona, akudziwa kuti walakwa", ndi mantha chabe, akuwerenga nkhope yanu ndi mawu anu. Ndipo ukamumenya ali mkati mokodza chimene amaphunzira n'choti kukodza pamaso pa munthu n'koopsa, nde amayamba kukabisala kuseri kwa sofa kapena pansi pa bedi, mukatuluka naye panja sakodza chifukwa inu muli pomwepo. Ntchito yakula kawiri. Zonse ndilembe m'munsimu zatsamira pamenepa, inu ndi amene mukonze malo ndi nthawi kuti chiweto chizipezeka chikuchita zolondola, mukachipeza chikutero muchilipire nthawi yomweyo.

Choyamba onani kaye thupi lake musanayambe kuphunzitsa

Kagalu kotsegula m'mimba simungakaphunzitse chilichonse. Tiagalu tambiri timabwera ndi njoka za m'mimba kuchokera kwa mayi wake, kamimba kali tuu koma nthiti zikuoneka, nde pitani kwa dokotala wa ziweto kapena alangizi a ziweto a m'dera lanu akupatseni mankhwala a njoka molingana ndi kulemera kwake, kawirikawiri amamwetsa pakatha masabata awiri aliwonse mpaka kakwane masabata 12. Funsaninso za katemera wa parvo, matenda aja kagalu kamasanza n'kumatsegula zamagazi zonunkha kwambiri, amapha tiagalu tambiri zedi. Mkaka wa ng'ombe umene timakonda kuthira m'mbale poganiza kuti tikukakomera mtima umatsegula m'mimba tiagalu ndi tiamphaka tambiri, madzi abwino ndi okwanira ngati kasiya kuyamwa. Ndipo ngati mungathe musatenge kagalu kasanakwane masabata 8, masabata amenewo ndi amene kamaphunzira kwa mayi ndi abale ake kuti kuluma mwamphamvu kumathetsa masewera.

Chachiwiri, chakudya chikhale ndi nthawi yake

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Mbale ya nsima ndi bonya ikangokhala pakhonde tsiku lonse, kagalu kazidya nthawi iliyonse ndipo kazibiba nthawi iliyonse, simungathe kulosera. Kapatseni katatu kapena kanayi patsiku kakadali kakang'ono, kakamakwana miyezi 6 kawiri n'kokwanira, mbale ikhale pansi mphindi 15 kenako chotsani kaya katsiriza kaya ayi. Madzi okha azikhalapo nthawi zonse. Mukatero muona kuti kamabiba pasanathe mphindi 30 kangodya, nthawi zambiri pasanathe n'komwe mphindi 10.

Chachitatu, malo amodzi, ndipo muzipita nako nokha

Sankhani pakona pamodzi panja, pa dothi kapena pa udzu, kutali ndi pomwe ana amasewera, kutali ndi dimba la ndiwo zamasamba ndi pachitsime. Muzipita nako pamenepo kakangodzuka kutulo (ngakhale tulo ta masana), kakangodya kapena kumwa, kakangomaliza kusewera, komanso musanagone. Kawerengedwe kosavuta kamene ophunzitsa agalu amagwiritsa ntchito n'koti kagalu kamatha kudzigwira pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake, kutanthauza kuti ka miyezi iwiri maola awiri, ka miyezi itatu maola atatu, ndipo kakakhala maso kakusewera nthawiyo imachepa kwambiri. Nde kamiyezi iwiri mukakatsekera m'nyumba kuyambira 7 mpaka 5 palibe chimene kalakwa, n'chimodzimodzi kukalipira khanda chifukwa chonyowetsa thewera.

Musangotsegula chitseko n'kukakankhira panja. Tulukani nako, makamaka pa chingwe kuti kasayambe kuthamangitsa agulugufe, imani phee pamalo paja, osalankhula nako, osagwira foni chifukwa muphonya nthawi yake. Kakayamba kununkhiza pansi n'kumazungulira ndiye kuti zayandikira. Kakanjuta nenani mawu amodzi omwewo tsiku lililonse, kaya "kodza" kaya "fulumira", motsitsa. Kakangomaliza, pomwepo, osati mutalowa m'nyumba, kayamikireni ndi mawu okondwa n'kukaponyera kausipa kamodzi kapena kachidutswa ka nyama kochepa ngati nsonga ya chala. Usipa uzikhala m'thumba musanatuluke, mukayamba kuthamangira kukhitchini kukatenga nthawi yadutsa kale, kaganiza kuti mwakapatsa mphotho chifukwa chokutsatirani kukhitchini.

Kakapanda kuchita chilichonse pakatha mphindi 5, bwererani m'nyumba koma musakasiye kayendeyende, kanyamuleni kapena kakhale pa chingwe pafupi nanu, pakatha mphindi 10 kapena 15 tulukaninso. Tiagalu tambiri timakodza tikangolowa m'nyumba chifukwa panja tinali bize ndi zina. Chinanso, kakamaliza musakalowetse nthawi yomweyo, kasewereni pang'ono panja, apo ayi kochenjera kamazindikira kuti kukodza kumathetsa ulendo nde kamayamba kuchedwetsa dala.

Chachinayi, chepetsani malo

Kagalu kosaphunzira kasakhale ndi ufulu wa nyumba yonse. Tsekani zitseko za kuzipinda, pindani kapeti kwa mwezi umodzi kapena iwiri, sizichititsa manyazi alendo amvetsa. Pamene simungathe kukayang'anira kaikeni pamalo aang'ono pomwe kangathe kuima, kutembenuka ndi kugona motambasuka, chifukwa galu mwachibadwa sakonda kuipitsa pogona pake. Koma malowa si ndende, asapitirire maola aja tawerenga aja. Usiku masabata oyamba mudzuka ndithu kamodzi kapena kawiri, tulukani nako mwakachetechete, kakodze, kabwerere kukagona, osasewera nako 2 koloko usiku pokhapokha ngati mukufuna kazikudzutsani moyo wake wonse. Ngati nonse mumachoka masana, uzani amene amatsala pakhomo, kaya wantchito kaya mwana wamkulu, ndondomeko yomweyi ndi mawu omwewa. Wina akamalipira usipa wina akamamenya ndi tsache kagalu kamangosokonezeka.

Kakalakwitsa

Mukakapeza kali mkati, ombani m'manja kamodzi kapena nenani "a-a" mokwanira kukadzidzimutsa pang'ono, kanyamuleni mpaka pamalo paja, kakamalizira kumeneko kapatseni mphotho yake. Mukapeza zitachitika kale, khalani chete mukolope basi.

Koma kukolopako ndiye kuli nkhani. Mphuno ya galu imamva zimene inu simungamve, pamene pali kafungo ka mkodzo iye amati pano ndiye pachimbudzi. Simenti yosapaka polishi komanso mipata ya pakati pa matailosi imamwa mkodzo, mopu yongodutsa pamwamba sichotsa. Yambani mwaumitsa ndi nyuzipepala kapena chisanza, mochita kusindikiza osati kupukuta uku ndi uku, thirani madzi ozizira muumitsenso, kenako sopo waufa wochapira zovala wosungunula m'madzi (amene analemba kuti muli ma enzyme ndiye wabwino koposa) asiyeni pamenepo mphindi 10 musanatsuke. Viniga wosakaniza theka ndi theka ndi madzi amathandizanso, pakauma wazani soda mudzasese mawa. Mankhwala okolopera okhala ndi ammonia apeweni chifukwa kwa chiweto amamveka ngati mkodzo womwewo, ndipo Jik musathire pa mkodzo wosapukuta kapena kusakaniza ndi viniga, zimatulutsa mpweya woipa m'chifuwa.

Tiagalu tambiri timakhala tadalirika tikamakwana miyezi 4 mpaka 6, tina mpaka chaka, makamaka timitundu tating'onoting'ono taubweya tija. Galu wamkulu amene wakulira panja ndipo mukufuna azilowa m'nyumba, yambani naye ngati kakhanda, amagwira msanga chifukwa chikhodzodzo chake n'chokhwima kale. Pali mikodzo ina imene si nkhani ya chimbudzi. Kagalu kamene kamadontheza mukangofika kakugwedeza thupi lonse, kapena kamagona chagada n'kukodza mukakaweramira, ndi chisangalalo kapena mantha, kukalipira kumangoonjezera, muzilowa osakayang'ana kaye mpaka kadekhe, zimatha kakamakula. Wamphongo wokweza mwendo pa mwendo wa tebulo akulemba malire, kumuthena kumachepetsa kwa ambiri. Ndipo galu amene anali bwinobwino zaka zonsezi n'kuyamba mwadzidzidzi kukodza m'nyumba, kumwa madzi kwambiri kapena kukodza pang'onopang'ono pafupipafupi, ameneyo akufunika dokotala, akhoza kukhala ndi matenda a m'chikhodzodzo, shuga kapena impso.

Mphaka

Pusi ndi wosavuta pa nkhaniyi chifukwa anabadwa wokonda kukumba ndi kukwirira, kamphaka ka mwezi umodzi kamadziwa kale. Simufunika kugula mchenga wodula wa m'mashopu ngati ndalama palibe, beseni lapulasitiki lalikulu ndi mchenga wa kumtsinje wouma, wosefa, wokuya masentimita ngati 5 zimagwira ntchito. Beseni likhale lalikulu kuposa mphakayo kuti azitha kutembenuka, kwa kamwana m'mphepete mukhale mofupika kuti kathe kukwera. Liikeni pakona pa phee, kutali ndi mbale yake ya chakudya ndi madzi, posadutsadutsa anthu komanso pomwe galu sangamuvumbulukire. Kakangodya kapena kudzuka kaikeni m'besenimo, palasani mchenga ndi chala kaone, basi. Masiku oyamba kakhale m'chipinda chimodzi ndi beseni lake.

Mphaka akasiya beseni nthawi zambiri vuto ndi beseniyo. Ndi waukhondo kuposa ambirife, mukasiya masiku atatu osaola akapeza thumba la mpunga, mulu wa zovala kapena mphika wa maluwa. Olani tsiku lililonse, mchenga wakumtsinje sumanga fungo nde muzisintha wonse pakapita masiku awiri atatu n'kutsuka beseni ndi sopo wopanda perefyumu yambiri. Amphaka akakhala awiri mabeseni akhale atatu m'malo osiyana, chifukwa wina amatha kumaopseza mnzake panjira inu osazindikira. Pamalo pamene wazolowera kuononga tsukani monga tanenera muja kenako ikanipo mbale yake ya chakudya kwa masabata angapo, sakonda kubiba pomwe amadyera. Amayi oyembekezera ntchito yoola iyi aisiyire ena, m'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala tizilombo ta toxoplasmosis toopsa kwa mwana wosabadwa.

Siyanitsaninso kukodza ndi kupopera. Wokodza amanjuta pansi. Wopopera amaima chilili, mchira m'mwamba ukunjenjemera, n'kuwaza pang'ono pakhoma, pakatani kapena pachitseko, fungo lake lija lotsamwitsa. Amenewo ndi malire, amachita kwambiri aamuna osathena kuyambira miyezi 5 kapena 6, komanso pakabwera mphaka wachilendo kumazungulira pawindo. Kuthena msanga kumathetsa kwa ambiri, kumachepetsanso ndewu za usiku padenga ndi kusowa masabata athunthu. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, mabungwe osamalira ziweto amene amachita maopaleshoni amenewa kwa aamuna ndi aakazi omwe.

Ichi chokha musachedwe nacho: mphaka wamwamuna amene akupita ku beseni mobwerezabwereza, akudzikakamiza, akulira, akudzinyambita kumunsi koma mkodzo sukutuluka kapena ukungodontha wamagazi, njira yake yatsekeka ndipo atha kufa pasanathe masiku awiri. Thamangani naye tsiku lomwelo. Musamupatse Panado, ngakhale kachidutswa, paracetamol imapha mphaka. Mankhwala ena a utitiri ndi nkhupakupa a agalu, makamaka okhala ndi permethrin, nawonso amapha mphaka, funsani musanathire.

Zokanda sofa simungamuletse, zikhadabo zimafuna kusendeka. Mupatseni pake pokanda, chipika chokhala ndi makungwa kapena thabwa lokulungidwa chingwe cha khonje, lalitali loti adziongole thupi lonse komanso losagwedera, muliimike pafupi penipeni ndi pakona pa sofa pomwe amakonda, pakonapo phimbani ndi pulasitiki kwa kanthawi.

Kutafuna, kuluma ndi kudumphira anthu

Pakati pa miyezi 3 ndi 6 kagalu kamagulula mano, nkhama zimayabwa, nde nsapato, chaja ya foni, mawaya a TV zonse ndi mankhwala kwa iko. Chotsani pansi zonse zimene mumazikonda. Kapatseni zake, chingwe chokhuthala chomanga mfundo, kapena kansalu konyowetsa koika mu fuliji ngati magetsi alipo. Musakapatse nsapato yakutha, sikasiyanitsa yakutha ndi imene mwagula dzulo. Mafupa ophika makamaka a nkhuku ayi, amasweka mosongoka n'kubaya m'matumbo. Mukakapeza ndi chinthu chanu musakathamangitse, kwa iko ndi masewera okoma kwambiri, sinthanitsani ndi kausipa.

Kakaluma dzanja posewera imitsani masewera nthawi yomweyo, pindani manja, tembenukani masekondi 20 kapena 30, kenako yambiraninso ndi chingwe chija. Ana awuzeni asamathawe akukuwa chifukwa ndi zomwe kakufuna. Kudumphira n'chimodzimodzi, miyendo inayi ikakhala pansi ndiye moni, iwiri ikakwera palibe kumuyang'ana, kumukankha komwe iye amawerengera ngati kusewera. Zimaoneka zosangalatsa ali ndi makilo 4, akadzafika makilo 30 n'kugwetsa agogo atavala zakutchalitchi simudzaseka. Muphunzitseni kukhala pansi: gwirani chakudya pamphuno pake, kwezani dzanja pang'onopang'ono kupita kumbuyo kwa mutu, matako akagunda pansi nenani "khala" n'kumupatsa, kasanu kokha pa ulendo, kangapo patsiku.

Kuuwa ndi nkhani ya galu wolusa

Pano ndilankhula zimene ena sazikonda. Chizolowezi chathu chotsekera galu m'kakhola kamdima kapena pa tcheni chachifupi tsiku lonse, osaona munthu, ati kuti akhale wolusa, ena mpaka kumuthirira tsabola kapena chamba m'chakudya, sichipanga mlonda. Chimapanga galu wamantha wosasiyanitsa wakuba ndi mwana wa neba wobwera kudzatola mpira, ndipo tsiku limene geti idzaiwalike ndi inuyo mudzayankhe ku polisi. Galu amene akadali wamng'ono, asanakwane masabata 14, anaona ana, alendo, njinga, nkhuku ndi mbuzi mwamtendere, amadziwa zachizolowezi, nde akauwa usiku mumadziwa kuti kulidi kanthu. Kulondera pakhomo n'chibadwa chake, sikufuna tsabola.

Wouwa usiku wonse popanda chifukwa nthawi zambiri ndi wotopa ndi kukhala, wanjala, wozizidwa kapena utitiri wamuchuluka. Yendani naye pa chingwe mphindi 30 mmawa kapena madzulo, mumwazireni chakudya pa udzu azichita kufunafuna ndi mphuno, muone kusintha. Kumukuwira kuti "chete iwe!" pawindo iye amamva ngati mukuuwa naye limodzi. Nthawi ya mabingu kapena makombola a Khirisimasi ndi Nyuwere mulowetseni pamalo otsekeka pomwe angabisale, agalu ambiri amasowa usiku umenewo.

Za nkhuku ndi mazira, timamva njira zija zomuika dzira lotentha m'kamwa kapena kumumangirira nkhuku yakufa pakhosi, ndi nkhanza chabe ndipo ambiri amabwerezanso. Tolani mazira msanga, kwezani zisa, konzani khola. Kenako muzikhala naye pa chingwe patali ndi nkhuku pomwe akutha kuziona koma sakunjenjemera, akaziyang'ana n'kutembenukira kwa inu mulipireni, tsiku ndi tsiku muzisendera pafupi. Amene anagwirapo kale kangapo musadzamukhulupirire yekha ndi anapiye, ameneyo mankhwala ake ndi mpanda.

Galu akachita grrr musamumenyere kulirako, ndi chenjezo lake, mukamuletsa kuchenjeza ulendo wina adzangoluma osanena. Onani chimene chikumuvuta, kaya ndi mbale, kaya fupa, kaya mwana akumukoka mchira, kaya pali pomwe pakumupweteka. Azidyera payekha ana osayandikira, ndipo mwana wamng'ono asatsale yekha ndi galu ngakhale wofatsa bwanji.

Koma galu kapena mphaka akasintha khalidwe mwadzidzidzi, wofatsa kuyamba kuluma chilichonse, kutuluka dovu, kulephera kumeza, mawu kusintha, kuyenda mopepesuka, pamenepo zophunzitsa ziiwaleni, ganizani za chiwewe. Musamugwire m'kamwa poganiza kuti watsamwa fupa, mutsekereni ngati zingatheke popanda kumukhudza muitane a zaziweto. Katemera wa chiwewe amabaya kuyambira miyezi itatu n'kumabwereza monga angakuuzireni, a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akubaya agalu mwaulere ku Blantyre kuyambira 2015, ndipo chakumapeto kwa September, pozungulira pa 28 lomwe ndi tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, kumakhala makampeni m'madera ambiri, khadi lake la katemera sungani bwino. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenderera kwa mphindi 15 zathunthu, osamanga, osapaka zitsamba, kenako kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba jakisoni ndipo mumalize onse amene akulemberani, chifukwa zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu chiwewe sichichizika.